Mose Triplett: msilikali amene anamenyera mbali ziwiri

Nkhondo yapachiweniweni ya ku America, yomwe inamenyedwa kuyambira 1861 mpaka 1865, inatenga anyamata ambirimbiri akumidzi amene mayina awo sanalowe m'mabuku a mbiri. Chimene chinawasunga ndi mapepala a boma: kaundula wa asilikali ndi mafayilo a penshoni, omwe ambiri akusungidwa ku National Archives mumzinda wa Washington.

Mmodzi mwa anyamatawo anali Mose Triplett wa kumapiri a kumadzulo kwa North Carolina. Mu 1862 analowa usilikali kumbali ya Kummwera, imene inkafuna kudzipatula kuti ukapolo upitirire. Chaka chotsatira, gulu lake la 26th North Carolina lili pa ulendo wopita ku Pennsylvania, iye anadwala n'kugonekedwa m'chipatala ku Danville, ku Virginia, ndipo anathawa kumeneko. Patangopita masiku ochepa, anzake ambiri anaphedwa kapena kuvulazidwa pa nkhondo ya ku Gettysburg. Mu 1864 analembedwanso usilikali, ulendo uno kumbali ya Kumpoto.

Kaundula wa usilikali amanena zochepa: tsiku limene munthu analembedwa, udindo wake, miyezi imene analipo, imene anadwala, ndiponso ngati anathawa. Za kunyumba kwake sanena kanthu.

Moyo wa banja umaonekera m'fayilo ya penshoni. Kuti alandire ndalama, msilikali ankayenera kusonyeza kuti anamenyadi nkhondo, nthawi zambiri pobweretsa umboni wa anzake ndi wa dokotala. Mayi wamasiye ankafunsidwa umboni wa ukwati ndi masiku obadwa a ana, moti ena ankang'amba tsamba la m'Baibulo la banja pamene panalembedwa mayina a ana n'kulitumiza ku Washington. Asilikali akuda anali pafupifupi 180,000, ndipo akazi awo ndiwo anavutika kwambiri, chifukwa lamulo silinkazindikira ukwati wa akapolo. Iwo ankadalira mboni zoti zilumbire kuti awiriwo ankakhaladi ngati banja, ndipo malumbiro amenewa lero ndi chuma kwa zidzukulu zofunafuna makolo awo.

Pa nthawiyo boma la ku Washington silinkapereka penshoni kwa asilikali a Kummwera. Amenewo ankathandizidwa ndi maboma a m'zigawo zawo. Choncho kusintha mbali kuja ndiko kunadzadyetsa banja la Triplett. Mose anakwatiranso mu 1924 ali nkhalamba, ndipo mwana wake Irene anabadwa mu 1930. Bamboyo anamwalira mu 1938. Popeza Irene anali wolumala, lamulo linamulola kumalandira penshoni moyo wake wonse, madola 73.13 pamwezi. Anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 90, ndipo ndiye anali munthu womaliza kulandira penshoni ya nkhondoyi, patatha zaka 155 nkhondoyo itatha.