Pansi pa galimoto: amakaniko a ku Lilongwe ndi nkhani ya lifiti

Ku Biwi ntchito imayamba fumbi lisanadzuke. Magalimoto amakhala atandandalika m'mbali mwa msewu, mabonete ali yasa, ndipo pansi pa ina pamatulukira miyendo ya munthu. Mwini miyendoyo wagona chagada pa katoni, sipanala ili kumanja, foni yowunikira wailuma kukamwa. Minibasi yomwe ili pamwamba pake yakwezedwa ndi jeke, kenako yakhazikidwa pa marimu awiri akale ndi chipika cha bulugamu. Mnyamata wophunzira ntchito, yemwe aliyense amangomutcha sipanala boyi, wanjuta pambali kudikira kuti amutume nambala 14 kapena 17. Magalimoto ambiri a mumzinda uno amakonzedwa motero, ndipo amayenda bwinobwino akachoka pamenepo.

Amakaniko a ku Lilongwe sali gulu limodzi. Alipo a m'magalaji akuluakulu a kampani zogulitsa magalimoto, ovala maovolosi ofanana, amene amagwira ntchito pansi pa denga lalitali. Alipo a magalaji apakatikati a ku Old Town, kumene mpanda wa malata umabisa bwalo lodzaza ndi magalimoto odikira zipangizo, ndipo pakona pali dzenje lomangidwa ndi njerwa. Alipo a panja ku Biwi, ku Mchesi ndi cha ku Malangalanga. Ndiye palinso oyendayenda, amene bwana wa ku Capital Hill kapena ku City Centre amangowaimbira foni, iwo n'kukwera kabaza wa njinga yamoto ndi chikwama cha zida mpaka ku Area 10 kapena Area 43. Ena anadutsa ku Lilongwe Technical College n'kulemba mayeso a umisiri, ena anaphunzira kudzera m'ndondomeko za TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, koma ochuluka anaphunzira pogwira sipanala kwa amisiri anzawo kwa zaka zingapo.

Pakati pa magulu amenewa pakumera lina: anthu amene akutsegula malo okonzera magalimoto pakhomo. Mapuloti a ku Area 3, Area 9, Area 12 ndi Area 47 ndi aakulu, ndipo makaniko amene wapuma ntchito ku kampani, kapena amene wabwerako ku Joni ndi kandalama, amaona kuti kuseri kwa nyumba kungakwane magalimoto awiri kapena atatu. Munthu wotereyu msana wake unatopa kale ndi katoni. Chimene amalakalaka ndi lifiti, makina okweza galimoto yonse m'mwamba kuti munthu agwire ntchito ataimirira.

Makinawa si atsopano. Mu 1925 makaniko wina wa ku Memphis ku America, Peter Lunati, analembetsa lifiti yoyendera mphamvu ya oyilo ataona momwe mpando wa ometa tsitsi umakwerera. Chomwe chinamutopetsa iye ndi chomwenso chimatopetsa amisiri a ku Old Town lero: dzenje. Dzenje ndi lotchipa, silifuna magetsi, ndipo mmisiri aliyense womanga nyumba atha kulimanga. Koma kuyambira Novembala mpaka Epulo limadzaza madzi, mkati mumakhala mdima, ndipo mpweya wa petulo, popeza ndi wolemera kuposa mpweya wamba, umatsikira m'menemo n'kudikira kamoto kakang'ono ka wowotcherera. Pakhomo pomwe pali ana, dzenje losavundikira ndi ngozi ina payokha.

Palinso chifukwa china chimene dzenje latsalira m'mbuyo, ndipo chili m'magalimoto enieniwo. Misewu ya Lilongwe yadzaza ndi timagalimoto ta ku Japan tolowera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe: Vitz, Passo, Sienta, Note, Demio. Tambiri timakoka ndi matayala akutsogolo, ndipo chimene chimatidwalitsa kawirikawiri ndi maenje a mumsewu, omwe amatha mabushi, mashoko ndi majointi. Ntchito zimenezi zimafuna kuti matayala achoke ndipo miyendo ya galimoto ilendewere. Pa dzenje galimoto imakhala itaponda pansi, choncho makaniko amafunikabe jeke. N'chifukwa chake kwa munthu wokonza magalimoto otere lifiti ya mizati iwiri ndiyo imaposa zina. Mikono yake inayi imagwira galimoto m'malo olimba a m'mbali, matayala onse n'kukhala m'malere, ndipo kutsitsa giyabokosi kapena kusintha kilatchi kumakhala ntchito ya maola m'malo mwa tsiku lathunthu.

Ya mizati inayi ndi ya ntchito ina. Galimoto imakwera yokha pa tinjira tiwiri tachitsulo, moti ndi yokhazikika bwino ndipo imathandiza posintha oyilo, powotcherera ekizozi ndi powongola matayala, koma imadya malo ndipo matayala amakhalabe ataponda. Iliponso yopindika ngati sizasi, yomwe mitundu yake ina imangokwera pafupifupi mita imodzi. Imeneyi imakwana m'galaji wamba, ndipo ndi yabwino pa mabuleki ndi matayala, koma imatseka pamimba pa galimoto.

Kulemera kwa galimoto nakonso n'kofunika kukuwerengera moona mtima. Vitz imalemera pafupifupi tani imodzi, Hilux ya zitseko zinayi imapitirira pang'ono matani awiri, pomwe Land Cruiser yaikulu imadutsa matani awiri ndi theka isanasenze kanthu. Makaniko wa ku Area 43, kumene makasitomala ambiri ndi a mabungwe ndi maofesi a akazembe, adzakumana ndi zazikuluzi tsiku lililonse. Lifiti ya matani anayi ndiyo imamupatsa mpata wokwanira.

Koma nkhani yaikulu ili pansi pomwe makinawo adzaime, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mizati iwiri ija siikumbiridwa. Imangomangidwa ndi mabawuti ku konkiriti, ndipo galimoto ikakwera, kulemera kwake kumakoka mabawutiwo ngati munthu akuzula chinangwa. Opanga makinawa amafuna konkiriti yolimba yochindikala masentimita osachepera 10 mpaka 15, ena amafuna 20, ndiponso yoti yauma kwa masiku 28. Pansi pa magalaji a nyumba zambiri pali kasimenti kopyapyala kothiridwa pa zidutswa za njerwa, ndipo panja pamakhala timiyala toyala tija. Pamalo otere mzati utha kuima mowongoka miyezi ingapo, kenako n'kuzuka tsiku lomwe munthu ali pansi pake akulimbana ndi bawuti yokakamira. Woganiza bwino amayamba waswa pansipo, kukumba, kuyala zitsulo ndi kuthira konkiriti yatsopano makinawo asanafike n'komwe.

Denga nalo limakana. Lifiti ya mizati iwiri imakweza galimoto pafupifupi mamita 1.8, ndipo Prado payokha ndi yaitali chimodzimodzi. Pamafunika mpata woyandikira mamita anayi, pomwe galaji ya nyumba nthawi zambiri siifika atatu. Ambiri amamanga shedi yapadera ya malata kuseri.

Kenako magetsi. Nyumba zambiri zimalandira magetsi a ESCOM a mavoti 230, pomwe malifiti ambiri ochokera m'magalaji akuluakulu, makamaka ogwiritsidwapo kale ntchito a ku South Africa, amafuna a mavoti 400 a mawaya atatu. Munthu amene sanafunse zimenezi amapezeka ali ndi chitsulo chongoima. Ndipo aliyense amene anakhala mu Lilongwe mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, amadziwa kuti magetsi atha kuchoka m'mawa n'kubwera usiku. Lifiti ya oyilo imatsika ndi kulemera kwa galimoto, koma kuti maloko ake amasuke iyenera kuyamba yakwera pang'ono. Magetsi akathima galimoto ili pa maloko, imagona m'mwamba, mwini wake ali pageti akudikira. Jenereta yotha kudzutsa mota ya makilowati awiri kapena atatu iyenera kulowa m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Za mtengo n'zodziwika. Makinawa amachokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja, amalipiridwa msonkho ku MRA, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zonse zinakwera. Wogula afunse ngati zingwe, masilo a oyilo ndi timphira ta pamikono zimapezeka mumzinda muno. Asaiwalenso kuti Area 10 kapena Area 12 ndi malo okhala anthu. Kukonza galimoto yako ndi ya m'bale wako ndi nkhani ina, koma kutsegula bizinesi kumafuna chilolezo cha khonsolo ya mzinda, ndipo oyilo wakuda wotayidwa m'ngalande amakathera mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti amene amafunikira kwambiri makinawa, anyamata a ku Biwi amene amalowa pansi pa minibasi tsiku ndi tsiku, ndiwo sangawakwanitse. Malo si awo, magetsi palibe, ndipo ndalama ya tsiku imathera pa ufa ndi lendi. Komabe chimene chimateteza munthu pansi pa lifiti ndi maloko achitsulo, osati oyilo, ndipo panja ntchito yomweyo imagwiridwa ndi masitandi. Jeke ndi yokwezera basi. Silo yake ikaphulika, galimoto imatsika nthawi yomweyo, ndipo njerwa kapena chipika chong'aluka sichingaigwire. Masitandi anayi achitsulo mtengo wake sufika ngakhale pang'ono pa wa lifiti, ndipo eni magalaji, akuluakulu ndi aang'ono omwe, ayenera kuwagula asanatume mwana wa eni kukagona pansi pa galimoto.