Genie: kutha kwa mzinga wa nyukiliya wophera ndege

Wodutsa pa Fort Lister, kuchoka ku Phalombe kulowera ku Nkhulambe, sachita kufunsa chomwe atsamunda anakonderapo malowo. Mbali ina kuli phiri la Mulanje, mbali inayo kuli Michesi, ndipo pakati pake pali mpata umodzi. Mumpatamo ndi momwe ogula akapolo ankadutsitsira anthu omangidwa m'magoli popita nawo kugombe la Mozambique. M'chaka cha 1893 boma la Harry Johnston linamangapo linga, n'kulitcha dzina la Sir Villiers Lister wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Pofika 1895 mafumu monga Matipwiri anali atagonjetsedwa, malonda a akapolo anazilala, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 asilikali anasamukapo. Chatsala lero ndi mabwinja ndi manda ochepa. Ntchito itatha, lingalo analisiya msanga.

Ndayambira pamenepa chifukwa chida chomwe ndikufuna kulongosola chinapangidwanso kuti chilondere mpata, koma eni ake anachikakamira zaka pafupifupi 28, ngakhale kuti ntchito yake inayamba kutha chaka chomwe chinabadwa.

Mpata wake unali mlengalenga, kumpoto kwa dziko la Canada. Soviet Union itaphulitsa bomba lake loyamba la nyukiliya mu 1949, akuluakulu a nkhondo ku America ankaopa kuti ndege zoponya mabomba zidzabwera mwaunyinji kudzera kumadera oundana a Arctic, njira yachidule yopita ku mizinda ngati Chicago ndi New York. Mfuti za ndege zolondera sizikanatha kugwetsa chigulu chotero, ndipo mizinga yodzilondolera yokha inali isanadalirike. Ndege imodzi yokha ikanapulumuka, mzinda wathunthu ukanapsa. Yankho lomwe anapeza linali lakuti ngati kulasa ndege imodzi n'kovuta, aphulitse mlengalenga monse momwe ndegezo zikudutsa. Ndi nzeru ya mlenje wotentha tchire lonse pofuna mbewa.

Kampani ya Douglas Aircraft ndiyo inapanga mzingawo. Poyamba unkatchedwa MB-1, kenako AIR-2, koma dzina lomwe linatchuka ndi Genie. Unalowa m'manja mwa asilikali mu 1957, utamangiriridwa pansi pa mapiko a ndege za F-89J Scorpion. Unalibe chouwongolera chilichonse. Woyendetsa ndege ankangoulozetsa komwe kuli adani n'kuuombera, iwo n'kuthamanga kuposa katatu liwiro la mawu, mtunda wa makilomita osakwana 10, kwa masekondi pafupifupi 12, mpaka kawotchi ka m'kati kataphulitsa bomba la W25. Mphamvu ya bombalo inali ngati matani 1,500 a TNT, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a bomba la ku Hiroshima, ndipo ndege iliyonse yopezeka mamita pafupifupi 300 kuchokera pomwe laphulikira inali yosapulumuka. Woomberayo ankayenera kukhotetsa ndege yake mwamphamvu nthawi yomweyo kuti moto wakewo usamupeze. Mizinga yoposa 3,000 inapangidwa ntchitoyo isanayime kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Mwa yonseyo, umodzi wokha ndi womwe unaphulitsidwa ndi bomba lake lenileni. Panali pa 19 Julaye 1957 ku Yucca Flat, m'chipululu cha Nevada, ndipo woyendetsa ndege anali Kaputeni Eric Hutchison. Pansi, molunjika pomwe bomba lidzaphulikire, panaima akuluakulu asanu a asilikali a m'ndege omwe anadzipereka okha, opanda zipewa zachitsulo, pambali pa kachikwangwani kolemba pamanja. Wachisanu ndi chimodzi anali wojambula, George Yoshitake, yemwe anangotumidwa pa ntchito. Bombalo linaphulika makilomita oposa 5 pamwamba pa mitu yawo. Pa kanema yemwe anajambulidwa tsikulo akuoneka akuphimba maso ndi manja kuwala kutang'anima, kenako akunjenjemera phokoso litawafika, n'kuyamba kusangalala. Cholinga chinali kuuza anthu wamba kuti chida chotere chikhoza kuphulika pamwamba pa mzinda wawo popanda vuto. N'zoona kuti cheza chomwe amuna amenewo analandira chinali chochepa. Koma kuyesa kumodzi, masana, m'chipululu, aliyense akudziwa mphindi yake, sikunanene kanthu za usiku womwe mizinga mazanamazana ikanaphulika pamwamba pa minda ndi midzi ya ku Canada.

Patangotha mwezi umodzi, mu Ogasiti 1957, Soviet Union inaulutsa bwinobwino mzinga wa R-7, wotha kuoloka nyanja popanda ndege kapena munthu. Pa 4 Okutobala mzinga wa mtundu womwewo unakweza Sputnik kuthambo. Apa ndi pomwe kugwa kwa Genie kunayambira. Mzinga wotere umakwera kunja kwa mpweya wa dziko n'kutsika pa liwiro lomwe ndege iliyonse singalifike, ndipo ulendo wonse umatenga pafupifupi theka la ola. Zithunzi za ndege zaukazitape za U-2, zomwe zinayamba kuuluka pamwamba pa Soviet Union mu 1956, zinaonetsanso kuti ndege zoponya mabomba za ku Moscow zinali zochepa kwambiri kuyerekeza ndi zomwe anthu ankaopsezedwa nazo. Mdani anali akusintha njira, ndipo gulu lalikulu lomwe ankalidikirira pampata kunalibe.

Ngakhale zinali choncho, Genie sanamuchotse. Anamusamutsira pa ndege zatsopano, F-101B Voodoo ndi F-106 Delta Dart, ndipo mu 1961 kunabweranso mnzake wodzilondolera yekha, wotchedwa Falcon, naye wa nyukiliya. Ndalama zinali zitalowa kale, mabwalo a ndege atamangidwa, anthu ataphunzitsidwa, ndipo palibe mkulu wa nkhondo yemwe amafuna kuoneka kuti watsegula khomo lomwe anzake analitseka.

Mtengo wa kukakamira kumeneku unaoneka mu Okutobala 1962, pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba. Ndege zolondera zinamwazidwa m'mabwalo ang'onoang'ono zitanyamula zida za nyukiliya, ndipo mu F-106 munkakhala munthu mmodzi yekha. Usiku wina mlonda wa pa malo a asilikali ku Duluth, m'chigawo cha Minnesota, anaona chinthu chikukwera mpanda, n'kuwombera, n'kuliza belu lochenjeza za achiwembu. Ku Volk Field, ku Wisconsin, mawaya anali olumikizidwa molakwika, choncho kunalira belu lolamula ndege kunyamuka. Oyendetsa F-106 anathamangira m'ndege zawo akukhulupirira kuti nkhondo yayamba. Anaimitsidwa ndi msilikali wina yemwe analowetsa galimoto pabwalo akuphethiritsa nyali. Chokwera mpanda chija chinali chimbalangondo. Pa 27 Okutobala ndege ya U-2 inasochera n'kulowa m'dera la Soviet Union ku Chukotka, ndipo ndege za F-102 zomwe zinanyamuka ku Alaska kukaichingamira zinali ndi mizinga ya Falcon ya nyukiliya, pomwe ndege za MiG za Soviet Union zinali kuisakasaka. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pagona mlandu waukulu wa zida zimenezi. Mabomba akuluakulu ankadikira lamulo lochokera kumwamba kwenikweni, koma awa anali m'manja mwa mnyamata mmodzi wotopa, usiku, wokhala ndi masekondi ochepa oganizira.

Ku Canada nkhaniyi inagwedeza ndale. Boma la John Diefenbaker linagwa mu 1963 litakanika kugwirizana ngati lilandire zida za nyukiliya za America kapena ayi. Lester Pearson, yemwe analowa m'malo mwake, anazivomera, ndipo kuyambira 1965 ndege za CF-101 Voodoo zinkanyamula Genie, mabomba ake akusungidwa ndi asilikali a America.

Kutha kwake kunabwera mwakachetechete. Falcon ya nyukiliya inachotsedwa mu 1972, mizinga wamba yodzilondolera itayamba kulasa bwino moti bomba la nyukiliya silinafunikenso pogwetsa ndege. Magulu a ndege zolondera anachepetsedwa chaka ndi chaka. Canada inabweza mabomba ake omaliza mu 1984, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1980 America nayo inali itasiya Genie. Palibe pangano lomwe linaletsa mtundu wa chidachi. Chinangokalamba pamodzi ndi ndege zochinyamula, ndipo popeza sichinaletsedwe, palibe chotchinga kuti chibwerenso.

Africa inasankha njira yolemba mapangano. South Africa inaphwasula mabomba ake asanu ndi limodzi, zomwe F. W. de Klerk anaulula mu 1993. Pangano la Pelindaba, loletsa zida za nyukiliya mu Africa monse, linasainidwa mu 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009, chaka chomwenso mgodi wa yuraniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa. Malawi anasaina pangano la United Nations loletsa zida zonse za nyukiliya mu 2017 ndipo analivomereza kwathunthu mu 2022. Dziko lokumba yuraniyamu lili ndi chifukwa chomveka cholankhulira pa nkhani zotere, ndipo nthumwi zathu siziyenera kuchita manyazi nazo.

Koma maiko okhala ndi mabombawo sanasaine pangano limenelo, ndipo mapangano omwe anapangana okhaokha akutha mphamvu. La INF, loletsa mizinga ya mtunda wapakatikati, linatha mu 2019. Mu 2023 Russia inaimika kutenga nawo mbali m'pangano la New START. Mu 2025 bungwe la ukazitape la asilikali a America, Defense Intelligence Agency, linalemba m'lipoti lake la pachaka kuti pakati pa zida zatsopano zomwe Russia ikuwonjezera pali mizinga ya nyukiliya yoombera kuchokera pa ndege kupita pa ndege inzake.