Ferdinand, nkhunzi yokana ndewu, m'nyumba za zisudzo

Mumzinda wa Bethesda, m'chigawo cha Maryland ku America, muli nyumba ya zisudzo ya Imagination Stage, yomwe ntchito yake ndi kukonza masewero a ana. Limodzi mwa masewero omwe anaonetsedwa kumeneko, n'kufalikiranso m'nyumba zina za zisudzo m'dzikolo, ndi la nkhunzi yadzitho, yanyanga zoopsa, koma yosafuna kugunda aliyense. Dzina lake ndi Ferdinand. Analemba seweroli ndi Karen Zacarías, mayi wobadwira ku Mexico yemwe anayambitsanso bungwe la Young Playwrights' Theater ku Washington, ndipo nyimbo zake anapeka ndi Deborah Wicks La Puma.

Nthanoyo payokha ndi yakale. Munro Leaf anailemba mu 1935 pofuna kuti mnzake Robert Lawson, katswiri wa zojambula, apeze chogwira, ndipo akuti ola silinakwane asanaimalize. Buku lake, The Story of Ferdinand, linatuluka mu 1936. Likunena za thole la ku Spain lomwe silinkakonda kuthamanga ndi kugundana mitu ngati anzake. Ilo linkangokhala pansi pa mtengo, uja khungwa lake amapangira zotsekera mabotolo, n'kumanunkhiza maluwa. Litakula, kunabwera amuna asanu odzasankha nkhunzi yolusa yoti ikamenyane ndi anthu m'bwalo la ku Madrid. Tsiku lomwelo Ferdinand anakhalira njuchi. Itamuluma anadumpha, kufwenthera ndi kupalasa pansi, alendowo n'kuganiza kuti apeza chilombo. Koma atamulowetsa m'bwalo, iye anamva fungo la maluwa omwe amayi anatsomeka m'tsitsi, anakhala pansi pakatikati, ndipo anakana kudzuka. Anangomukweza pangolo kubwerera naye kwawo.

Kabuku kakang'ono chonchi kanautsa mapiri pachigwa. Kanatuluka patangopita miyezi yochepa nkhondo yapachiweniweni itabuka ku Spain mu Julayi 1936, choncho akuluakulu anayamba kufufuzamo ndale. Boma la Francisco Franco linakaletsa. Ku Germany, a chipani cha Nazi analamula kuti katenthedwe, poona kuti kangaphunzitse ana kukana nkhondo. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, makope 30,000 anasindikizidwa mwachangu n'kugawidwa ulere kwa ana a m'dzikolo. Ku America kunali kwina: mu 1938 kanagulidwa kuposa buku lotchuka la Gone with the Wind, ndipo katuni yomwe Walt Disney anapanga chaka chomwecho inapata mphoto ya Oscar.

Kuika nthanoyi pa siteji si ntchito yamasewera. Sewero limayenda chifukwa wina akufuna chinthu ndipo akuchilimbanira. Nanga mungatani ndi mwininkhani yemwe chokhumba chake chachikulu n'kukhala pansi? Ana a zaka zisanu sangapirire ola lathunthu akuonerera ng'ombe ikununkhiza duwa. Zacarías anathetsa vutoli powonjezera mwana wa munthu, Danilo, yemwe bambo ake, mfumu yolemera, akufuna kuti adzakhale katswiri wopha nkhunzi m'bwalo, pomwe mtima wa mnyamatayo uli pa kuvina. Anaikamonso nkhumba yotchedwa Cochina, bwenzi la Ferdinand, pamodzi ndi mawu a Chisipanishi komanso magule a flamenco. Motero m'bwalo la ndewu mumakumana awiri omwe onse anachita kukankhidwiramo.

Apa ndiye pagona mphamvu ya seweroli. Mwana akaona ng'ombe yofatsa amaseka, n'kuikonda. Akaona mnyamata akuchita chibwibwi pamaso pa bambo ake, polephera kunena kuti "Bambo, ine zimenezi sindizifuna," amadziwa kuti nkhaniyi ndi yake. Kholo lomwe lakhala pambali pake limadziwanso. Bambo wotere sadana ndi mwana wake ayi. Amamukonda, kungoti anamusokera kale malaya asanamuyeze. Makolo ambiri omwe anakonzeratu kuti mwana wawo adzakhale dokotala kapena loya angadzione m'mfumu imeneyi, ndipo ndi bwino kuti adzione ana awo ali pomwepo.

Masewero a ana onena za kusiyana ndi anzako alipo ambiri. Lotchuka kwambiri ndi Honk!, la George Stiles ndi Anthony Drewe, lochokera ku nthano ya Hans Christian Andersen ya kabakha konyansa. Linaonetsedwa ku National Theatre ku London, ndipo mu 2000 linapambana mphoto ya Olivier, kuposa The Lion King ndi Mamma Mia! Ndi sewero lokoma, koma nthano yake ili ndi msampha. Kabakha kamalandiridwa pamapeto kataoneka kuti kanali mbalame yokongola kuposa onse omwe ankakanyoza. Mwana woonerera angatolepo zoti kusiyana ndi anzako kuli bwino pokhapokha ngati mawa udzawaposa. Nanga mwana wachete, wosathamanga, yemwe sadzakhala katswiri wa chilichonse, apite kuti?

Ferdinand wa m'buku la Leaf sasanduka kanthu kena. Sagonjetsa munthu, salandira chikho, khamu silimuombera m'manja. Amapita ku Madrid ali wokonda maluwa, n'kubwerako ali wokonda maluwa. Ngakhale mayi ake, omwe poyamba ankada nkhawa kuti mwana wawo asungulumwa, atamufunsa n'kuona kuti ndi wokondwa, anangomuleka. Ine ndimaona kuti mayi ameneyu ndi wolimba mtima kuposa onse m'nthanoyi, chifukwa kusiya mwana akhale mmene alili, anzako akuona, n'kovuta kuposa kumukalipira.

Okonza mafilimu kufatsa kotereku kumawavuta. Filimu ya mu 2017, yomwe anatsogolera Carlos Saldanha ndipo mawu a Ferdinand analankhula ndi John Cena, inadzaza nkhaniyi ndi kuthamangitsana m'misewu, n'kumaliza ndi khamu likuchemerera nkhunziyo ngati ngwazi. Zisudzo zili ndi mwayi womwe filimu ilibe: wosewera akakhala pansi n'kukana kudzuka, ana amakhala pafupi, amamva kupuma kwake, ndipo ena amafuula kumulimbikitsa kuti asadzuke.

Chomwe nthanoyi imabisa n'chakuti masewera opha nkhunzi akadalipo. Nyumba ya malamulo ya chigawo cha Catalonia ku Spain inawaletsa mu 2010, koma mu 2016 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la Spain linathetsa chiletsocho. Ku bwalo la Las Ventas ku Madrid anthu amadzazabe, ndipo nkhunzi zolowa m'menemo, zolusa ndi zofatsa zomwe, pafupifupi zonse zimatuluka zili zakufa, zikukokedwa ndi nyulu.