Zinthu 6 zodabwitsa za mzere wa mauthenga wosungidwa m'mafayilo

Pulogalamu ikamapatsira inzake ntchito, mauthenga amafunika podikirira, monga matumba a chimanga pamzere wa kuchigayo. Ambiri amathamangira seva ngati RabbitMQ, chonsecho foda wamba pa disiki imaitha ntchitoyi.

1. Mzere ukhoza kuyenda popanda loko. Njira ya Maildir, imene Daniel J. Bernstein anakonzera pulogalamu ya imelo ya qmail m'zaka za m'ma 1990, ili ndi mafoda atatu basi: tmp, new ndi cur. Uthenga umalembedwa mu tmp, ndipo ukatha wonse m'pamene umasamutsidwira ku new. Kusamutsako kumachitika kamodzin'kamodzi, choncho wowerenga amapeza uthenga wathunthu kapena sapeza kanthu. Watheka sangaupeze. Ine nzeru imeneyi imandigometsa. Chofunika n'chakuti mafodawo akhale pagawo limodzi la disiki. Zotsalira mu tmp zimene zagona maola 36 osakhudzidwa amaziyesa zinyalala.

2. Ngakhale ku CERN amasunga mzere m'mafoda. Kumalo ofufuzira sayansi amenewa, pafupi ndi Geneva, n'kumene kunachokera laibulale ya Directory::Queue ya Perl ndi inzake dirq ya Python. Pulogalamu ya Perl imaponya uthenga m'foda, ya Python n'kuutola, chifukwa zonse zimatsata kasanjidwe kamodzi ka mafayilo.

3. Imelo yanu mwina inagonapo m'foda. Postfix, imene inatuluka ku IBM mu 1998, imasunga makalata m'mafoda monga incoming, active ndi deferred. Kalata ikakanika kupita, imayesedwabe mpaka masiku 5 isanabwezedwe kwa mwini wake.

4. Tsamba loonera mzere mwina muli nalo kale. Pa kompyuta ya Linux imene ili ndi CUPS, pulogalamu yoyendetsa pulinta, lembani localhost:631 mu browser, muona ntchito zimene zikudikira pulinta. Kuseri kwake kuli foda ya /var/spool/cups: mafayilo oyamba ndi c amasunga malangizo, oyamba ndi d amasunga chikalata chenichenicho. Vuto ndi mabatani. Tsamba loonetsa mzere nthawi zambiri limakhalanso ndi pofufutira, ndiye lanu mukalitsegulira anthu ena, liikireni pasiwedi kaye.

5. Fayilo imene pulogalamu yati yalembedwa ikhoza kukhala isanafike pa disiki. Kompyuta imayamba yasunga zolembedwazo mu RAM, n'kuzitsitsira pa disiki nthawi ina. Magetsi akathima pakati pamenepo, uthenga wapita. Mu 2009 anthu amene anayamba msanga kugwiritsa ntchito ext4 pa Linux anaziona: kompyuta ikazima mwadzidzidzi, mafayilo amene anali atangosinthidwa kumene ankawapeza opanda kanthu, dzina lokha. Mankhwala ake ndi lamulo la fsync, lokakamiza kuti zonse zitsike pa disiki uthenga usanalengezedwe kuti walandiridwa. Limachedwetsa ntchito, n'chifukwa chake malaibulale ena salitsata pokhapokha mutawauza. Kwathu kuno, kumene magetsi amathima osatsanzika, laibulale yosachita fsync sindingaisungitse uthenga wokhudza ndalama za munthu.

6. Uthenga umodzi ukhoza kugwiridwa kawiri. Pulogalamu yatola uthenga, yatumiza SMS kwa kasitomala, kenaka yafa isanafufute fayilo. Loko imene inaika pa uthengawo yatsala pomwepo. Mu dirq, lamulo la purge limamasula loko yopitirira masekondi 600 ngati simunasinthe nthawiyo, ndipo pulogalamu ina imautolanso uthengawo. Kasitomala walandira SMS kawiri, ndipo zikanakhala zolipira, bwenzi atalipiritsidwa kawiri. Laibulale singadziwe kuti ntchito inachitika kale. Uthenga uliwonse muziupatsa nambala yakeyake, ndipo pulogalamu yolandira iziyamba yaona ngati nambalayo inadutsapo kale.