Pokémon siifuna chala chothamanga, ifuna nzeru za wosaka mbewa

Mukakwera galimoto yochoka ku Tamanda kupita m'tauni ya Chipata, pamapezeka mnyamata mmodzi amene sadandaula za fumbi kapena kuthinana. Maso ali pa foni basi, kenaka mungomva, "Aah, kathawa!" Musafulumire kunena kuti ni za beting'i. Ena ali pa Pokémon, gemu yogwira tinyama n'kumatimenyanitsa ndi ta anzawo. Ngati inunso munaiyesa, n'kuisiya atakukwapulani pa jimu yoyamba, bwerani tikambe.

Gemu iyi inatuluka ku Japan pa 27 February 1996, pa kamakina kam'manja kotchedwa Game Boy. Amene anaiganiza, Satoshi Tajiri wa kampani ya Game Freak, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo ta m'tchire. Ndiye ngati munakula mukuthamangitsa ziwala kapena kutola inswa mvula yoyamba ikagwa, dziwani kuti gemu iyi inabadwira m'masewera anu omwewo. Poyamba tinyama tinali 151, manje tapitirira 1,000.

Tiyambe ndi kugwira, motsata magemu akale monga FireRed ya 2004. Tinyama tam'tchire timabisala m'udzu wautali. Kena kakatulukira, mumatulutsa kanu kuti timenyane. Apa m'pamene atsopano amalakwitsa. Wina amaponya kampira kogwirira pomwepo, kanyama kakadali ndi mphamvu zonse, ndiye kamangophulika n'kutuluka. Wina amamenya mwaukali mpaka kukomola, ndipo kanyama kokomoka sikagwidwa. Chofunika n'kukafooketsa mpaka mzere wa moyo wake ufiire, kenaka kukagoneka tulo kapena kukaumitsa thupi, ndiye muponye. Tulo timachulukitsa kawiri mwayi wogwira. Wosaka mbewa amayamba watseka una wothawira asanakumbe, ndipo samenya khasu mwachisawawa. Timipira nato sitaulere: Poké Ball wamba ni 200 ya ndalama za mugemu, Great Ball 600, Ultra Ball 1,200. Master Ball, imene siphonya, nkhani ya gemu imakupatsani imodzi chabe. Mukaitaya pa kakhoswe ka pamsewu, musalire.

Manje za matrena, anthu a mugemu amene ali ndi tinyama tawo. Trena akakuonani m'njira amakutsatani, ndipo nkhondo yake simungaithawe ngati ya kanyama kam'tchire. Kanyama kake simungakagwire, mukaponya kampira amakabweza. Mukapambana amakupatsani ndalama. Tinyama tanu tonse tikakomoka, ndalama zanu zina zimapita, inu n'kudzukira kuchipatala cha tinyama. Mumanyamula tinyama 6 basi, ndipo kalikonse kamasunga njira 4 zomenyera.

Chinsinsi chonse chili pa mitundu. Moto umatentha udzu, udzu umamwa madzi, madzi amazimitsa moto. Magetsi amavutitsa tam'madzi ndi touluka, koma kwa tam'nthaka sachita kanthu olo pang'ono. Mukamenya ndi mtundu woyenera, nkhonya imalowa kawiri. Mitundu yonse lero ilipo 18. Simufunika kuiloweza tsiku limodzi, yambani ndi imene mukukumana nayo.

Onani zimene zimachitika kwa Brock, mkulu wa jimu yoyamba ku FireRed. Ali ndi Geodude ndi Onix, tonse ta miyala ndi nthaka. Mnyamata uja amene amakonda Pikachu chifukwa anamuona pa TV amapita monyada, koma magetsi ake salowa. Wosankha Charmander wa moto amatuluka thukuta. Koma wobwera ndi Squirtle wa madzi kapena Bulbasaur wa udzu amamenya nkhonya yolowa kanayi, nkhani n'kutha msanga. Majimu alipo 8, iliyonse ndi mtundu wake, ndipo kutsogolo kuli akatswiri anayi a Elite Four. N'chifukwa chake mudala uja amene amakweza kanyama kamodzi mpaka levo yapamwamba, tinzake tonse tili tofooka, amakagwa tsiku limene wakumana ndi mtundu womuposa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale pa foni.

Mtsikana uja amene amayenda uku ndi uku pafupi ndi msika wa Kapata, foni ili patsogolo ngati akufuna netiweki, iye ali pa gemu ina ya banja lomwelo. Ni Pokémon GO, imene kampani ya Niantic inatulutsa mu July 2016. Iyi imagwiritsa GPS, ndiye kuti mupeze tinyama muyenera kuyenda ndi miyendo yanu. Kuno simuyamba mwamenya kanyama kam'tchire. Mumakadyetsa kachipatso kuti kagwidwe mosavuta, n'kuponya kampira mkati mwa kamkombero kamene kamachepa, makamaka mokazungulitsa. Timipira taulere mumatitenga pa malo otchedwa PokéStop, amene amakhala pa zinthu zodziwika monga matchalitchi, mapaki ndi zipilala. M'mizinda ikuluikulu malo otere ni ambiri, kumidzi ni ochepa. Choncho wa ku Tamanda asadabwe mnzake wa ku Lusaka akamuposa msanga. Sikuti ni wanzeru kwambiri, ni komwe akhala.

Apa m'pamene ndalama zenizeni zimayamba kulowa. Pokémon GO ni yaulere kuitenga, koma imafuna bundle nthawi zonse ndipo imamwa batire ngati madzi. Tsiku limene magetsi apita, muzasankha pakati pa Pikachu ndi foni ya amayi. Palinso munthu uja wa pa WhatsApp amene amati, "Nitumizeko pa mobile money, nikupatse akaunti yodzaza." Malamulo a gemu saloleza kugulitsa akaunti, ndipo akathawa nayo ndalama mulibe kokadandaula. Chimodzimodzi tima app tonamiza GPS kuti muli ku London pamene muli pa Mwami: akakugwirani amatseka akaunti, ntchito ya miyezi n'kupita. Magemu akale aja ambiri amawasewera pa foni kudzera pa emulator, koma eni ake a Nintendo savomereza makope otengedwa pa intaneti, ndipo masamba ena otere amabwera ndi mavairasi. Komanso pa siteshoni yodzaza anthu, pamene inu mukusaka kanyama, wina akusaka foni yanu.

Ndiye ulendo wina mukaluza, musathamangire kugula chinthu kapena kufufuta gemu. Funsani kaye kuti mdani uja ni wa mtundu wanji, ndipo m'timu mwanu ndani angamuthe. Bwererani m'udzu, mukagwire kamene kakusowa, mukakweze pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma chonde, powoloka msewu foni ilowe m'thumba, chifukwa njinga ndi zithuthuthu za mu Chipata sizidziwa kuti muli pa jimu.