Mapiri a Dowa ndi Ntchisi akudikira alendo, koma nkhwangwa yafika kale

Mukatchula dzina loti Dzaleka, anthu ambiri amaganiza za msasa wa anthu othawa kwawo, nyumba zothithikana ndi mizere ya olandira thandizo. Achikulire ena amakumbukira ndende yoopsa ya nthawi ya chipani chimodzi. Ndi ochepa okha amene amadziwa kuti msasawu uli pakhomo pa dera lina lokongola zedi m'chigawo chapakati, dera la mapiri ondondozana kuchokera ku Dowa mpaka ku Ntchisi.

Kuchokera mumzinda wa Lilongwe kukafika pa Dzaleka ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 45. Galimoto ikadutsa pa Lumbadzi ndi kukhotera mumsewu wa ku Dowa, dziko limayamba kukwera, mphepo nayo n'kuyamba kuzizira. Uku ndi kumtunda kwenikweni. Chakum'mawa kwake dziko limatsetsereka mwadzidzidzi kulowera kuchigwa cha Salima ndi Nkhotakota, ndipo m'mphepete mwa chitsetserekochi ndi momwe mwandanda mapiri omwe akuluakulu ena amati akadakhala kumaiko a Azungu bwenzi anthu akulipira ndalama zankhaninkhani kuti akangoponda pamwamba pake.

Phiri la pakhomo

Phiri loyamba kwa munthu wofika pa Dzaleka ndi lomwe lili pafupi ndi msasawo. Silalitali kwenikweni, ndipo munthu wa miyendo yabwinobwino amakwera ndi kutsika tsiku lisadapendeke. Ena amapitako kukapemphera, makamaka m'mamawa, ena kukalimbitsa thupi, pomwe ena amangofuna malo opumirako phokoso.

Pamwamba pake ndi pomwe munthu amamvetsa bwino vuto la msasawu. Boma lidatsegula msasa wa Dzaleka mu 1994 mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, ndipo malowo adakonzedwa kuti asunge anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000. Pofika 2023 chiwerengero chidali chitadutsa 50,000. Ukayang'ana pansi umaona madenga atagundana popanda mpata wa mtengo, kenaka minda ya chimanga, fodya, soya ndi mtedza ya midzi yozungulira itayamba pomwe nyumba zathera.

Malowa ali ndi mbiri yowawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkatsekera kuno anthu omwe linkawaganizira kuti ndi oukira, ndipo cha m'ma 1975 ndi 1976 a Mboni za Yehova ambiri adazunzikira pomwepa kamba kokana kugula makhadi a chipani. Dzina la malowa ambiri amalimva ngati lonjezo la munthu wolangidwa, kuti ndidzaleka, sindidzachitanso.

Ambiri mwa okhala mumsasawu lero ndi ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda, komanso ena ochepa a ku Ethiopia ndi Somalia. Awa si alendo pa nkhani ya mapiri. Dziko la Rwanda limatchuka ndi dzina loti dziko la mapiri chikwi, ndipo anthu a ku Goma adakulira m'tsinde mwa Nyiragongo, phiri lotulutsa moto lomwe lidaphulika mu 2002 komanso mu 2021. Kwa munthu wotere, kukwera phiri la pa Dzaleka n'kukumbuka kwawo. Koma kwa ana zikwizikwi obadwira mumsasa momwemo, omwe Chichewa amachilankhula ngati mwana aliyense wa ku Dowa, phiri limeneli ndilo lokhalo lomwe akulidziwa.

Kongwe ndi Mvera

Wofuna kuyenda motalikirapo amapitirira kuboma la Dowa, komwe msewu umatsetsereka mokhotakhota. Chakumpoto kwa bomali kuli phiri la Kongwe, lomwe lili ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. M'tsinde mwake amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa adatsegula mishoni mu 1894 motsogozedwa ndi Robert Blake, yemwe dzina lake lidatsala pa sukulu ya sekondale yotchuka ya pamalopa. Anyamata ambiri omwe adaphunzira pa Robert Blake amakumbukira phiri limeneli kuposa mabuku omwe adawerenga.

Chakum'mawa, kufupi ndi msewu wa ku Salima, kuli Mvera, pomwe Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adakhazikitsa mishoni yawo yoyamba mu 1889 m'dera la mfumu ya Angoni, Chiwere. Mpingo womwe lero ndi Sinodi ya Nkhoma ya CCAP udayambira m'mapiri amenewa. Amishoniwo sadasankhe kumtunda mwangozi. Kunyanja malungo adali atapha anzawo ambiri a mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, choncho ankafuna malo ozizira, opita mphepo.

Njira zambiri zokwerera mapiri a Dowa si zokonzedwa ndi boma ayi. Ndi tinjira ta amayi otola nkhuni, ta abusa a mbuzi ndi ng'ombe, ndi ta anthu odutsa kupita kumaliro kapena kuchigayo tsidya lina. N'chifukwa chake mlendo wanzeru amayamba waonekera kwa nyakwawa ndi kupempha mnyamata womuperekeza.

Mfumu ya mapiriwa

Koma mfumu ya mapiri onsewa ndi phiri la Ntchisi, lotalika mamita oposa 1,600. Ambiri amafikako podzera ku Mponela ndi pa boma la Ntchisi, kenaka msewu wafumbi womwe nthawi ya dzinja umafuna galimoto yamphamvu kapena njinga yamoto ya kabaza wodziwa ntchito yake.

Ulendo umayambira m'miombo ya m'munsi, momwe mumapezeka masuku chakumapeto kwa chaka ndi bowa mvula ikagwa. Ukakwera pang'ono, zinthu zimasintha ngati walowa m'nyumba ina. Mitengo imatalika mpaka kutseka dzuwa, zilambe zimalendewera, ndere zimakuta miyala ndi makungwa, ndipo pansi pamakhala ponyowa ngakhale m'chilimwe. Iyi ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zobiriwira chaka chonse zomwe zatsala m'chigawo chapakati.

Chinsinsi chake ndi nyanja. Mphepo yochokera kunyanja imabwera ndi chinyontho, ndipo ikagunda phiri imakwera, kuzizira, n'kusanduka nkhungu. Masamba amakola nkhunguyo, madzi n'kumadontha pansi pang'onopang'ono ngati mvula ya mawawa. Madzi amenewa ndiwo amatumphuka m'akasupe a m'tsinde ndi kudyetsa timitsinje totsikira ku Nkhotakota, momwe anthu amamwa ndi kuthirira madimba awo.

M'nkhalangoyi muli anchima, anyani, nguluwe, agwape, agulugufe ndi mbalame zamitundumitundu zomwe anthu ena amachokera nazo kutali kudzangoziona. Mulinso mitengo ya mtundu wa kachere yomwe imamera pamwamba pa mtengo unzake, kutsitsa mizu yake, n'kuukulunga mpaka kuupha. Kukakhala kopanda mitambo, munthu ali pamalo oonekera amaona Nyanja ya Malawi itayala pansi, ndi mapiri a ku Mozambique tsidya lake. Chakumpoto kuli nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yomwe bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2015 ndi kusamutsiramo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017.

Mbiri yomwe akuluakulu a kuno amafotokoza njakuti m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'nkhalango imeneyi pobisala nkhondo za Angoni. Phiri lidawasunga, iwonso adalisunga. Atsamunda atabwera adamanga nyumba m'mbali mwa phirili mu 1914, yomwe pambuyo pake idasanduka malo ogona alendo a Ntchisi Forest Lodge. N'zochititsa chidwi kuti mapiri omwe kale adabisa othawa nkhondo a kuno lero ayang'anizana ndi othawa nkhondo a maiko ena.

Nkhuni ndi makala

Vuto ndi lakuti mapiriwa akumetedwa mpala. Aliyense woyenda msewu wa Dowa m'mawa amakumana ndi njinga zosenza matumba a makala ndi mitolo ya nkhuni. Zina zimalowera ku Lilongwe, zina pa Dzaleka, pomwe anthu oposa 50,000 amayenera kuphika tsiku ndi tsiku koma alibe nkhalango yawoyawo.

Apa m'pomwe mkangano umabukira. Eni midzi amadandaula kuti anthu a mumsasa awathera mitengo. A mumsasa amati iwo amangogula, ndipo odula ndi kuotcha makala ambiri ndi a m'midzi momwemo. Zoona zili mbali zonse ziwiri, chifukwa wogula ndi wogulitsa onse akuthamangitsidwa ndi umphawi. Mu 2023 bungwe la WFP lidadula ndi theka thandizo lomwe limapereka kwa anthu a mumsasawu kamba ka kuchepa kwa ndalama, ndipo banja lomwe likusowa ufa silingaganize zogula gasi kapena mbaula yamakono.

Lamulo la zankhalango la 1997 lidakonzedwanso mu 2020 kuti zilango za ootcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo zikhwime. Chaka ndi chaka, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala pa nyengo yodzala mitengo, ndipo mabungwe akhala akudzala mbande kuzungulira msasawu. Koma kudzala n'kosavuta, kulera ndiye ntchito. Mbande zambiri zimathera m'kamwa mwa mbuzi kapena m'moto wa osaka mbewa chilimwe chikafika.

Chodabwitsa n'chakuti ukaima pamwamba pa phiri ndi kuyang'ana midzi ya Dowa, timisitu tobiriwira tomwe umaona apa ndi apo nthawi zambiri ndi manda. Kumeneko kuli dambwe la Gule Wamkulu, ndipo palibe wolimba mtima wopita ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Izi zikuonetsa kuti pomwe anthu akuona kuti malo ndi awo ndipo ali ndi phindu kwa iwo, mitengo imakhala.

Phindu lingachokere kuti?

Ku Mulanje adaiona kale njira imeneyi. Anyamata a pa Likhubula adapanga gulu la operekeza alendo ndi onyamula katundu, ndipo amapeza ndalama potsogolera okwera phiri mpaka pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002. Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi sangapikisane ndi Mulanje pa kutalika, koma ali ndi mwayi womwe Mulanje alibe: ali pafupi ndi likulu la dziko komanso bwalo la ndege la Kamuzu.

Alendo nawo sakusowa. Kuyambira mu 2014, pomwe mlakatuli wa ku Congo Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika kuti Menes La Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini, anthu zikwizikwi akhala akukhamukira pa Dzaleka kudzaonera magule ndi oimba. Ena mwa iwo amagona m'nyumba za mabanja a mumsasa momwemo ndi kulipira kangachepe. Mawu oti tumaini pa Chiswahili amatanthauza chiyembekezo. Mlendo yemwe wadya chapati pa Dzaleka Loweruka akhoza kukwera Kongwe kapena Ntchisi Lamulungu, ndalama yake n'kutsala m'manja mwa mnyamata wa m'mudzi yemwe mwina akadakaotcha makala.

Komabe pali chopinga. Dziko la Malawi povomereza pangano la 1951 lokhudza othawa kwawo lidakana mfundo zina, kuphatikizapo ya ufulu woyenda ndi wogwira ntchito momasuka. Munthu wa mumsasa amayenera kutenga chilolezo kuti apite kutali. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali adayamba kugwira othawa kwawo omwe ankakhala m'matauni ndi kuwabwezera ku Dzaleka. Choncho mnyamata wobadwira mumsasa, wolankhula Chichewa, Chiswahili, Chifalansa ndi Chingerezi, yemwe akadatha kumasulira bwino alendo, sangangodzuka n'kupita nawo ku Ntchisi ngati mmene angachitire mnzake wa m'mudzi woyandikana nawo. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko sikameta kali m'thumba.

Kwa ofuna kukwera

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha, msipu ukadali wobiriwira ndipo utsi wa moto wa tchire usadaphimbe mlengalenga. Miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira koopsa, choncho juzi isatsale. Nyamukani m'mawa, valani nsapato zogwira pansi, tengani madzi okwanira ndi kamba wa panjira monga mbatata, nthochi kapena mtedza.

Musalowe nokha m'nkhalango ya Ntchisi, chifukwa nkhungu ikatsika njira zonse zimafanana. Funsani kwa alonda a zankhalango kapena kwa anthu a m'mudzi kuti akupatseni wokutsogolerani, ndipo mugwirizane mtengo musadanyamuke. Musayandikire manda kapena dambwe ngati simudaloledwe. Mumsasa musajambule munthu musadamupemphe, pakuti ena adathawa adani omwe akuwafunabe. Mapepala ndi mabotolo apulasitiki mubwerere nawo, ndipo chotsalira cha fodya chisatayidwe paudzu.

Nthambi ya zankhalango, makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, mafumu ndi oyang'anira msasa ali ndi ntchito yoti akhalire pansi limodzi: kulambula njira, kuphunzitsa operekeza alendo a mbali zonse ziwiri, ndi kuonetsetsa kuti gawo la ndalama likutsala m'midzi ya m'tsinde. Akachedwa, alendo adzafika ndithu, koma adzapeza zitsa, ndipo akasupe a m'munsi adzakhala ataphwa.