Khutu la Makina Oona M'kati mwa Thupi

Ubongo wa munthu ndi wobisika m'kati mwa chigaza. Kale madokotala ankavutika kuuona pamene munthu wadwala, pakuti ekisireyi imaonetsa bwino mafupa, koma ziŵalo zofeŵa sizioneka bwino. Masiku ano kuli makina otchedwa MRI amene amajambula ziŵalo zotere popanda kung'amba thupi. Njira yojambulira imeneyi anaionetsa koyamba Paul Lauterbur wa ku America m'chaka cha 1973.

Kodi makinaŵa amagwira ntchito motani? Gawo lalikulu la thupi lathu ndi madzi. Wodwala amagona m'kati mwa maginito aakulu, ndipo makina amatumiza m'thupi mwake mafunde onga a wailesi. Mafundewo akaleka, madzi a m'thupi amayankha pobweza timafunde tawo, monga phiri limabwezera mawu a munthu wofuula. Kenaka kompyuta imasandutsa yankholo kukhala chithunzi.

Koma yankho limeneli ndi lapansipansi ngati kunong'ona, kotero makina amasoŵa khutu lakuthwa. Khutu limeneli ndi waya wamkuŵa wopindidwa mozungulira, wotchedwa koyilo. Mnzanu akamakunong'onezani mumasendeza khutu pafupi ndi pakamwa pake. Momwemonso koyilo amaiika pafupi ndi chiŵalo chimene akujambula, kaya ndi mutu kapena bondo.

Apa akatswiri anapeza vuto. Koyilo yaing'ono imamva bwino, koma imamva malo ochepa okha. Yaikulu imamva malo aakulu, koma imatolanso phokoso lambiri limene limadetsa chithunzi. Chithunzi chikapanda kuoneka bwino, dokotala akhoza kuphonya nthenda.

M'chaka cha 1985, Cecil Hayes ndi anzake a ku kampani ya General Electric ku America anafotokoza za koyilo yooneka ngati chikwere cha mbalame. Ili ndi mphete ziŵiri zolumikizidwa ndi timizati, ndipo imafalitsa mafunde mofanana m'kati mwake monse. M'chaka cha 1990, Peter Roemer ndi anzake anandandalika makoyilo ang'onoang'ono angapo pamodzi, iliyonse nimvera malo ake. Motero makina anatha kumva malo aakulu momveka bwino.

Nzeru zimenezi zatithandiza ifenso. M'chaka cha 2008, makina a MRI anafika pa chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre. Madokotala anajambula ana odwala malungo a mu ubongo, ndipo m'chaka cha 2015 analengeza kuti chimene chimapha ambiri mwa anaŵa ndi kutupa kwa ubongo. Podziŵa zimenezi, anayamba kufufuza njira zopulumutsira ana otere.

Mafunso

1. Kodi koyilo ndi chiyani?
2. N'chifukwa chiyani koyilo amaiika pafupi ndi thupi?
3. Fotokozani kusiyana kwa koyilo yaing'ono ndi yaikulu.
4. Kodi madokotala a ku Blantyre anapeza chiyani?